LAMYA YAFUPIKITSA MTUNDA, KOMA MBALA NAZO ZAFIKA PAFUPI

Kale, mwana wogwira nchito ku migodi ya ku Kitwe akafuna kuthandiza makolo ake ku Lundazi, anali kutumiza ndalama pa positi kapena kupatsira mnansi wokwera basi. Nkhalamba zinali kudikira masabata, ndipo nthawi zina ndalamazo zinali kuthera m'njira.

Intaneti inafika m'dziko lino mu 1994, pamene Zamnet inakhazikitsidwa pa Univesiti ya Zambia mu Lusaka. Poyamba inali ya ophunzira a m'tauni okha, koma lero yalowa m'lamya za m'manja mpaka kumidzi. Uthenga wa maliro umafika pa WhatsApp ola lomwelo, ndipo ndalama za bokosi zimatsatira pa Airtel Money kapena MTN MoMo dzuwa lisanalowe.

Komatu cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Njira yomweyo akuyendamonso akathyali. Ena amatsatsa fataleza wochipa pa Facebook, mlimi akalipira iwo n'kuzimirira. Ena amalemba uthenga wonamizira kuti ndi mwana wanu amene wagwa m'mabvuto. Enanso amadzicha anchito a kampani ya lamya, napempha nambala yanu yacinsinsi. Motero ndalama za cimanga ca caka conse zimatha m'kamphindi.

Inu makolo, nambala yacinsinsi ndi ya inu nokha. Musanatumize ndalama, imbani lamya mumve mau a mwana wanuyo. Mukaberedwa musabise cifukwa ca manyazi. Kaneneni kupolisi kapena ku bungwe la ZICTA, ndipo cenjezani anzanu pamudzi.