Chanzi: Tichidziwe Bwino Tisanathyole Masamba Ake

Amayi anzanga, ambiri a ife tinaleredwa ndi agogo amene akamva mwana akutsokomola ankangozungulira kuseri kwa nyumba n'kubwerako ndi masamba onunkhira ngati ndimu. Chitsamba chimenecho kumpoto kwa dziko lino ambiri amachitcha chanzi. Ashona a ku Zimbabwe amati zumbani, Azulu a ku South Africa amati umsuzwane, pamene akatswiri a zomera amachilemba kuti Lippia javanica. Popeza maina amasiyana dera ndi dera, ndibwino kuchidziwa ndi maso, zala ndi mphuno, chifukwa kuthengo kuli chitsamba china chofanana nacho chimene chili ndi poizoni.

Chanzi ndi chitsamba chachifupi. Chimatalika mita 1 mpaka 2, ndiye kuti chimatilekeza m'chiuno kapena kutipitirira mutu pang'ono. Chilibe thunthu limodzi ngati mtengo, koma timitengo tambiri timaphukira pamodzi kuchokera pansi. Mukagwira kanthambi kanthete n'kukazunguza pakati pa zala, mudzamva kuti sikobulungira, kali ndi ngodya zinayi. Minga palibe ndi umodzi womwe.

Masamba ake ndi aang'ono, aatali masentimita 3 kapena 4, ndipo amamera awiriawiri moyang'anizana, nthawi zina atatu kapena anayi pamfundo imodzi. Ndi okhakhala, aubweya, mitsempha yake imaonekera bwino, ndipo m'mphepete mwake muli timano tating'ono. Mukafikisa tsamba limodzi, fungo la ndimu limatsalira m'manja. Fungolo limachokera ku mafuta amene ali m'masambamo, ndipo ndi lomwe limachititsa kuti ziweto zisamakonde kudya chitsambachi.

Maluwa ake amachuluka m'dzinja. Ndi ting'onoting'ono, toyera mwa mkaka, ndipo timaunjikana pa kamutu kobulungira kosaposa nsonga ya chala. Kamutuko kamakhala pa kaphesi kotuluka pamene tsamba lalumikizana ndi nthambi. Maluwa akafota, pamatsala timbewu touma tosaoneka bwino. Chanzi sichibala zipatso zamadzi. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

Kwawo kwa chanzi ndi kuno kummwera ndi kummawa kwa Africa. Chimapezeka kuyambira ku Eastern Cape ndi KwaZulu-Natal ku South Africa, kudzera ku Eswatini, Botswana, Mozambique, Zimbabwe, Zambia ndi Malawi, mpaka ku Tanzania, Kenya ndi Ethiopia. Chimakonda malo a udzu, m'mphepete mwa nkhalango, m'mbali mwa mitsinje ndi misewu, ndiponso minda imene yagonera. Chimapirira chilala, ndipo kanthambi kodula mukakabzala pa dothi lachinyezi kamagwira mosavuta. Dzina loti javanica lisakusokonezeni. Katswiri wa zomera wa ku Netherlands, Nicolaas Burman, amene anachilemba m'buku mu 1768, ankaganiza kuti chinachokera ku chilumba cha Java, ndipo dzinalo linangokhala choncho mpaka lero.

Chitsamba chofanana nacho chija ndi lantana. Icho n'chobwera. Chinachokera ku Central ndi South America ngati duwa lokongoletsa pakhomo, koma chinathawira kuthengo, ndipo lero chadzaza m'mipanda, m'misewu ndi m'malo odyetsera ziweto. Ziwirizi ndi za banja limodzi la zomera, n'chifukwa chake masamba ake amafanana kukhakhala ndi timano tija, ndipo nthambi za lantana nazonso zili ndi ngodya zinayi.

Kusiyana kwake kulipo panayi. Nthambi za lantana kawirikawiri zimakhala ndi timinga tokhota timene timakala m'manja. Masamba ake ndi aakulupo ndi otambalala, ndipo fungo lake ndi lamphamvu losakoma, osati la ndimu. Maluwa ake ndi owala, achikasu, ofiira, apinki kapena aolenji, nthawi zambiri mitundu iwiri pamutu umodzi. Chachinayi, lantana amabala timipukutu ta zipatso zamadzi, zobiriwira zikakhala zosapsa, zakuda ndi zonyezimira zikapsa. Masamba a lantana amaononga chiwindi cha ng'ombe, mpaka maso ake amachita chikasu ndipo khungu limasupuka ikakhala padzuwa. Zipatso zake zosapsa ndi zoopsa kwa ana. M'chilimwe, maluwa akatha, ndi pamene munthu angasokoneze mosavuta, makamaka ngati mwatuma mwana kukathyola. Musatume mwana, ndipo musagule masamba ouma opereseka amene simungathe kuwazindikira.

Nanga chanzi chenichenicho chimathandiza chiyani? Anthu akhala akumwa madzi a masamba ake ngati tiyi pa chimfine ndi chifuwa chaching'ono, ndipo ena amakoka nthunzi yake kuti mphuno zitseguke. Fungo lake limaingitsa udzudzu kwa kanthawi. Alimi ena amaviika masamba ake m'madzi n'kupopera ndiwo zamasamba pothana ndi nsabwe, kapena kutsuka ng'ombe pochepetsa nkhupakupa. Pa nthawi ya Covid-19, mu 2020 ndi 2021, zumbani anagulitsidwa kwambiri m'misika ya ku Zimbabwe, ngakhale kuti si mankhwala ochiza nthendayo.

Apa ndi pamene ndikupempha kuti timvetsetsane. Azungu amachitcha fever tea, ndipo dzinali lapusitsa ambiri. Chanzi si mankhwala a malungo. Pa ntchito yanga ndalandirapo ana amene anafika magazi atachepa kale, ena akukomoka, chifukwa kunyumba anatha masiku atatu akumwetsedwa masamba. Mayi ake sikuti anali osasamala, ankachita zimene ankadziwa. Koma mwana akatentha thupi, apite kuchipatala tsiku lomwelo kapena asanathe maola 24, akayezedwe magazi, ndipo akapezeka ndi malungo amwe LA mpaka kumaliza. Nayonso neti ilibe mlowam'malo: kuika masamba a chanzi m'chipinda sikuteteza usiku wonse.

Kwa amayi oyembekezera ndikuti lekani kaye. Mphamvu ya masambawa imasiyana chitsamba ndi chitsamba, ndipo pophika kunyumba palibe muyeso woti tinganene kuti uwu ndi wabwino kwa mwana ali m'mimba. Thupi likatentha muli ndi pakati, pitani kusikelo osadikira tsiku lanu. Khanda losakwana miyezi 6 liyamwe bere lokha, osalipatsa tiyi wa masamba alionse. Musafunditse mwana wamng'ono bulangete pa mphika wa madzi owira, chifukwa ngozi ya kupsa imachitika m'kuphethira kwa diso. Ngakhale wamkulu wathanzi asamwe chanzi chambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali, ndipo chifuwa chikafika masabata 2 akayezetse makhololo, mwina ndi TB.

Mulungu anatipatsa zomera, anatipatsanso nzeru zozisiyanitsira. Pa msonkhano wanu wotsatira wa amayi, kapena ku mphakati, wina abweretse nthambi ya chanzi, wina ya lantana. Muziyendetse m'manja mwa aliyense, agwire, anunkhize, aone maluwa ndi zipatso. Muitanenso atsikana ndi apongozi achichepere, popeza ndi iwowo amene adzadzuke usiku mwana akadzatsokomola.