UBWANA WA DANIEL KACHAMBA: GAWO LOYAMBA

Malemu Daniel Kachamba, amene anatisiya m'chaka cha 1987, anabadwira ku Limbe m'chaka cha 1947, koma kwao kwenikweni kunali m'mudzi wa Singano, kufupi ndi Chileka. Monga mabanja ambiri a nthawi ya atsamunda, banja la a James Kachamba linapita kukafuna ntchito ku Salisbury, mzinda umene lero ukutchedwa Harare, ndipo linakhala kumeneko kuyambira 1957 kufikira 1961.

Kumeneko ndi kumene khutu la mnyamatayu linatseguka. Masiku amenewo m'makomboni munali mutadzaza nyimbo za kwela zochokera ku Johannesburg, zimene akatswiri onga Spokes Mashiyane anazitchukitsa ndi kachitoliro kachitsulo kotsika mtengo. Mbale za galamafoni zinali kulira usana ndi usiku, ndipo ana ankaloweza nyimbozo pongomvetsera, popanda mphunzitsi kapena buku. Daniel anatenga gitala, mng'ono wake Donald natenga chitoliro akali kamwana ndithu.

Kuliza chitoliro cha kwela si nkhani yamasewera. Woimba sachigwira ndi milomo yokha ai; amachilowetsa m'kamwa mopendeketsa kufikira chitatsamira tsaya, ndipo ndi m'menemo mawu ake amatuluka okhuthala, omveka patali ngakhale pakati pa phokoso la msika. Donald anaidziwa njira imeneyi pa msinkhu umene anzake anali kuumba ng'ombe zadothi.

Atabwerera kumudzi, anyamatawa anasonkhanitsa anzao, wina wa babatoni ya chingwe chimodzi, wina wa maseche, nayamba kuimba m'misewu ya Blantyre ndi m'malo omwera mowa. Malipiro ao anali timakobiri toponyedwa ndi odutsa. Tisabise, ambiri a ophunzira a nthawiyo ankayesa nyimbo zotere za anthu osowa chochita. Chodabwitsa n'chakuti pamene kwela inali kuzilala kwao ku South Africa, ana a ku Chilekawa anaisunga, naiveka mawu a Chichewa ndi kamvekedwe kakwathu.

M'chaka cha 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wochokera ku Vienna, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba mu mzinda wa Blantyre. Anaima, namvetsera, ndipo pambuyo pake anawatsatira kufikira ku Singano ndi makina ake ojambulira mawu ndi kanema.

(Ipitirira)