MMENE CIMANGA CIDZITETEZERA PA NTHAWI YA NG'AMBA

Pa 29 February 2024, Mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Mwa mahekitala oposa 2 miliyoni amene anabzalidwa cimanga, pafupifupi 1 miliyoni anaonongeka.

Mlimi aliyense adziwa kuti cimanga sicifa tsiku limene mvula yaleka. Cimayamba calimbana ndi ng'amba, ndipo akatswiri a zaulimi apeza kuti nkhondo imeneyi imatsogoleredwa ndi timankhwala timene mbeu imadzipangira yokha, tochedwa mahomoni. Timeneti ndi amithenga onyamula mau kucokera ku ciwalo cina ca mbeu kupita ku cinzace.

Mthenga wamkulu wa nthawi ya cilala ndiye abscisic acid, kapena ABA mwacidule. Anampeza mu 1963 a Frederick Addicott ndi anzao ku California, pamene anali kufufuza cimene cimayoyola zipatso za thonje zisanakhwime. Nthaka ikayamba kuuma, ABA amaculuka m'mizu ndi m'masamba. Pa tsamba liri lonse pali timabowo tosaoneka ndi maso, tolowetsa mpweya ndi kutulutsa madzi. ABA amatseka timabowo timeneti kuti madzi asathe msanga, ndiponso amathandiza muzu kupitiriza kutsika pansi kukafuna cinyezi.

Koma citetezo cimeneci ciri ndi mtengo wace. Timabowo tikatsekeka, mpweya umene mbeu imapangira cakudya sulowanso, motero cimanga cimakhala camoyo koma osakula. Coipa kwambiri ndi ng'amba yobwera cimanga cikamasula. Ngayaye zimataya ufa wace ndevu zisanatuluke, ndipo njere zina zimene zayamba kumene zimafota kamba kosowa cakudya. Ndico cifukwa cace mlimi amapeza phesi lalitali bwino, koma posenda apeza cisononkho cokhala ndi njere zowerengeka.

Apa ndipo pagona nchito ya obereketsa mbeu. Iwo safuna cimanga cimene cingotseka timabowo msanga, popeza cotero cimakolola pang'ono ngakhale caka ca mvula yabwino. Afuna cimene citulutsa ndevu pa nthawi yace ngakhale madzi atacepa. Bungwe la CIMMYT ndi la IITA anagwira nchito yotere m'maiko 13 a mu Africa, kuphatikizapo Zambia, kufikira mu 2015, ndipo mitundu yambiri ya cimanga copirira cilala inaturutsidwa.

Mthenga wina ndi wodziwika kwa alimi a ku Chipata, Katete ndi Petauke, ngakhale sadziwa dzina lace. Nthaka ikaguga, makamaka ikasowa fosiforasi, mizu ya cimanga imatulutsa timankhwala tochedwa strigolactone poitana tinkhungu ta m'nthaka timene timaithandiza kupeza cakudya. Tsoka lace ndi lakuti njere za kaufiti, zimene zitha kugona m'nthaka zaka zoposa khumi, nazonso zimamva kuitana kumeneku. Zimamera ndi kudzilumikiza ku muzu, ndi kuyamba kuyamwa cimanga kaufitiyo asanaoneke n'komwe pamwamba.

Munda wothiridwa manyowa kapena feteleza wokwanira umatulutsa timankhwala timeneti pang'ono, ndipo kaufiti amacepa. Thonje ndi nyemba za soya zimameretsa njere za kaufiti koma osamdyetsa, motero amafa asanabale. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene alangizi a zaulimi amalimbikitsira kasinthasintha wa mbeu.