PHUNZIRO 17: GALIMOTO IKAKANA KULIRA, TILONDOLE MOTO

Anzathu a m'koperativa, matimati sadikira munthu. Tikathyola lero, mawa akhale ali pa msika. Galimoto ikagona masiku awiri, thukuta lathu limaolera m'madengu. Tiyeni tiphunzire kufufuza tokha.

Injini ya petulo imafuna zinthu zitatu: petulo, mpweya ndi moto. Motowu umathetheka pa pulagi, imene enafe timati vela. Injini ya dizilo, monga ya thalakitala, ilibe moto wotere. Lero tikunena za petulo basi.

NJIRA YA MOTO

Moto umayamba ku batire la mavolti 12. Umapita ku koyilo, kapena kuti bobina. Koyilo imaukweza kupitirira mavolti 10,000. Kenaka disitibyuta imaugawira mapulagi onse kudzera m'mawaya.

Madzi akaleka kufika kudimba, kodi timakumba ngalande ina? Iyayi. Timalondola ngalande yomweyo mpaka tipeze pamene patseka. Motonso n'chimodzimodzi.

TIYAMBE TASAMALA

Tichotse giya. Tikoke buleki ya pamanja. Petulo ndi fodya zikhale kutali. Waya wa pulagi tisamugwire ndi dzanja pamene injini ikuzungulira. Amamenya zedi!

KAFUFUZIDWE

1. Tipotoze kiyi. Injini ikamazungulira mofooka, tione batire. Mitu yake ikachita zoyera ngati phulusa, tiipale ndi kuimanga bwino.

2. Injini ikamazungulira bwino koma osalira, timasule pulagi imodzi. Tiilumikizenso ku waya wake, tiigoneke pa chitsulo cha injini. Mnzathu apotoze kiyi. Moto wabuluu wothetheka mwamphamvu ndi wabwino. Wachikasu ndi wofooka. Popanda moto, tiyese pulagi ina.

3. Zonse zikakana, tizule waya wapakati pa chivundikiro cha disitibyuta. Timupane ndi kamtengo kouma. Nsonga yake italikirane ndi chitsulo cha injini mamilimita 6. Tipotozenso kiyi. Moto ukatuluka, koyilo ili bwino. Vuto lili m'chivundikiro, pa rota kapena m'mawaya. Nthawi ya dzinja m'chivundikiro mumalowa chinyezi. Tipukute ndi nsalu youma, tionenso ngati chang'aluka.

4. Moto ukapanda kutuluka, tibwerere m'mbuyo. Titenge babu la mavolti 12 la mawaya awiri. Waya wina akhudze koyilo pamene pali chizindikiro cha +, wina akhudze chitsulo. Titsegule kiyi. Babu likapanda kuyaka, magetsi sakufika. Mwina fyuzi yapsa, mwina waya waduka. Makoswetu amatafuna mawaya, makamaka galimoto ikamagona pafupi ndi nkhokwe.

5. Babu likayaka, titsegule disitibyuta tione mapointi, amene ena amati platinado. Ayenera kutseguka ndi kutsekeka injini ikamazungulira. Mpata wake ndi pafupifupi mamilimita 0.4. Akapsa, tiwakhule pang'ono ndi sandipepala wosalala. Akamapsa kawirikawiri, kondensa yatha. Zonsezi zikakhala bwino, ndiye tikayikire koyilo.

Magalimoto atsopano alibe mapointi, ambiri alibenso disitibyuta. Ali ndi sensa ndi kompyuta. Pamenepo ife tione batire, fyuzi ndi mawaya. Zotsalazo timusiyire makaniko.

Ndalama za koperativa ndi za tonse. Tisagule chitsulo chatsopano tisanapeze pamene moto waimira.

MAFUNSO

1. Tchulani zinthu zitatu zimene injini ya petulo imafuna.
2. Moto wabwino umaoneka bwanji?
3. Galimoto yathu imagona pati?

TILEMBE: moto, waya, batire, koyilo, pulagi.