Q fever: zimene timakhulupirira ndi zoona zake

Ku Kasungu, ndalama ya fodya ikatuluka pa msika wa Chinkhoma, alimi ambiri amagulako mbuzi kapena ng'ombe zapangolo kuti pakhomo pakhale pothawira njala ikavuta. Kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya, n'kovuta kupeza mudzi wopanda khola. Ziweto zomwezi zimatha kusunga kachilombo ka bakiteriya kotchedwa Coxiella burnetii, kamene kamayambitsa matenda a Q fever mwa anthu. Matendawa anadziwika koyamba mu 1935 pakati pa anthu ogwira ntchito yopha ng'ombe mumzinda wa Brisbane ku Australia, ndipo lero kachilomboka kapezeka pafupifupi m'maiko onse kupatula New Zealand. Nazi zina zimene timamva m'midzi, ndi zoona zake.

Chikhulupiriro: Thupi likatentha, amenewo ndi malungo basi.

Zoona: Q fever imayamba ngati malungo enieni. Pakapita masabata awiri kapena atatu munthu atatenga kachilombo, thupi limatentha kwambiri, mutu umawawa koopsa, amanjenjemera, amatuluka thukuta usiku ndiponso amamva kuphwanya m'thupi. Ena amadwala chibayo, ena chiwindi chimatupa. Pafupifupi theka la otenga kachilomboka samva kalikonse.

Kafukufuku amene anachitika ku Moshi, kumpoto kwa Tanzania, mu 2007 ndi 2008 ndi wotsegula maso. Mwa odwala 870 amene anagonekedwa m'chipatala atatentha thupi, oposa 60 pa 100 alionse anaganiziridwa kuti ali ndi malungo. Magazi atayezedwa bwinobwino, amene analidi ndi malungo sanakwane ngakhale 2 pa 100, pomwe Q fever inapezeka mwa 5 pa 100 alionse amene anayezedwa matendawa. Kwathu kuno malungo ndi ochuluka, choncho kuyezetsa ndiye poyambira. Koma akakuuzani kuti malungo mulibe, kuumirira kumwa LA ndi kutaya nthawi, chifukwa LA sapha bakiteriya.

Chikhulupiriro: Mbuzi yonenepa, yaubweya wosalala, ilibe matenda.

Zoona: apa ndiye paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe zambiri zokhala ndi kachilomboka zimadya bwino ndi kuyenda bwino. Chizindikiro chimene mlimi angaone ndi kupoloza, makamaka bere likakhwima, kapena kuswa ana akufa kale kapena ofooka. Mbuzi zingapo zikapoloza motsatizana m'khola limodzi, ena amathamangira kuloza chala mnansi kuti waponya mankhwala. M'malo mopita kwa sing'anga, itanani mlangizi wa ziweto, chifukwa matenda opolozetsa ziweto alipo angapo ndipo ena mwa iwo amagwiranso anthu.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene chiweto chikuswa. Tizilombo timadzaza mu nsengwa, m'madzi otuluka pobereka ndi pa thupi la kamwanako, ngakhale chiwetocho chiswe bwinobwino. Timatulukanso mu mkaka, mkodzo ndi ndowe.

Chikhulupiriro: Amene sagwira ziweto sangatenge matendawa.

Zoona: anthu ambiri amatenga Q fever popuma fumbi. Kachilomboka n'kolimba: dzuwa ndi kuuma sizikapha msanga, ndipo kamatha miyezi kali moyo m'dothi, m'manyowa ndi m'ubweya. Tizilombo tochepa chabe, ngakhale tosakwana 10, tingathe kudwalitsa munthu. Nsengwa yotayidwa kuseri kwa khola ikauma n'kufumbutuka, mphepo imatha kuulutsa fumbi lake makilomita angapo.

Ku Netherlands, pakati pa 2007 ndi 2010, anthu oposa 4,000 anapezeka ndi matendawa. Ambiri sanali alimi. Ankangokhala kufupi ndi mafamu a mbuzi za mkaka. Boma linapha mbuzi ndi nkhosa pafupifupi 50,000 kuti mliriwo uthe. Tsono taganizirani chigwa cha Kasungu mu September ndi October, kuli gwa, akamvuluvulu akuzungulira m'mabwalo, alimi akufukula manyowa ouma m'makola kuti achepetse ndalama za feteleza. Onjezanipo mabanja amene amagoneka mbuzi m'nyumba kapena m'khitchini poopa akuba ndi afisi. Mwana wosesa ndi mayi wophika amapuma fumbi lomwelo.

Chikhulupiriro: Mkaka wongokama kumene ndiye wopatsa thanzi.

Zoona: mkaka wosawiritsa ukhoza kukhala ndi kachilomboka, pamodzi ndi tizilombo ta TB ya ng'ombe. Kuwiritsa kumapha tonseti. Ngakhale wopangira chambiko uyambe wawira.

Chikhulupiriro: Wodwala Q fever apatsira banja lonse.

Zoona: si kawirikawiri matendawa kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake. Anthu angapo a nyumba imodzi akadwalira pamodzi, gwero lake limakhala khola limodzi lomwelo. Palibe chifukwa chomusala wodwalayo.

Chikhulupiriro: Matendawa amatha okha, ndipo makapisozi a m'golosale ndi okwanira.

Zoona: ambiri amachiradi okha, koma mwa anthu osakwana 5 pa 100 alionse kachilomboka kamabisala n'kudzaukanso patapita miyezi kapena zaka, kawirikawiri kakuwononga mavavu a mtima. Zikafika apo, popanda chithandizo munthu amafa, ndipo wopeza chithandizo amamwa mankhwala kwa miyezi yosachepera 18. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi odwala mtima, ofooka chitetezo cha m'thupi ndi amayi oyembekezera, amene akhoza kupita padera kapena kubereka masiku asanakwane.

Matendawa akadziwika msanga, mankhwala ake ndi doxycycline, amene amamwedwa kwa masiku 14. Amoxicillin sathandiza. Mayi woyembekezera sapatsidwa doxycycline koma mankhwala ena, n'chifukwa chake wosankha mankhwala ayenera kukhala dokotala. Katemera wa anthu alipo ku Australia kokha, ndiye ife chitetezo chathu chili m'kasamalidwe ka khola.

Chiweto chikamaswa, valani magolovesi kapena majumbo kumanja, tsekani pakamwa ndi mphuno, ndipo mukatha sambani ndi sopo. Nsengwa ndi ana akufa kwirirani m'dzenje lakuya kapena tenthani, musapatse agalu. Mayi woyembekezera asathandize chiweto kuswa ndipo asasese m'khola. Wazani madzi musanasese, manyowa muwaunjike ndi kuwaphimba kwa miyezi ingapo musanawatengere kumunda, ndipo khola limangidwe potalikirako ndi nyumba. Ngati thupi likutenthabe koma malungo sanapezeke, bwererani kuchipatala ndipo muwauze adokotala momveka kuti mumaweta mbuzi kapena ng'ombe, komanso ngati zina zaswa kapena kupoloza posachedwa.