Mlendo akamanga nyumba, kiyi ikhale ndi mwini

KAFUE: Anthu a m'tauni ino, imene ili pa mtunda wa makilomita 45 kumwera kwa Lusaka, adziwa bwino za nchito yomangidwa ndi akatswiri ocokera kutali. Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba nchito mu 1970, inamangidwa ndi kampani ya Kobe Steel ya ku Japan. Omangawo anabwerera kwao, koma makina anatsala m'manja mwa ana a Zambia, amene anafunika kuwayendetsa ndi kuwakonza akaonongeka.

Masiku ano nkhani yomweyo yafika pa mapulogalamu a kompyuta, amene maofesi ambiri amalembetsa ku makampani akunja. Wamalonda wa muno m'Kafue akamalipira msonkho pa intaneti, agwiritsa nchito pulogalamu imene mbiri yake ili ndi phunziro lalikulu.

M'caka ca 2013 bungwe lokhometsa misonkho la Zambia Revenue Authority linatsegula njira ya TaxOnline, imene inapangidwa ndi kampani ya Tata Consultancy Services ya ku India. Anthu anayamba kutumiza mapepala a msonkho ali pa sitolo pao, osakaima pa mzere ku ofesi. Akulu sananame ponena kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Koma pulogalamu ya msonkho siili ngati mlatho umene ukamangidwa, basi watha. Caka ndi caka Nduna ya Zacuma ikawerenga bajeti, malamulo ena a msonkho amasintha, ndipo pulogalamu nayonso iyenera kusintha. Ngati wodziwa kuisintha ali kutsidya kwa nyanja, mwini nchito amadikira ndiponso amalipira nthawi iliyonse. Mu January 2020 bungweli linatsegula TaxOnline yaciwiri, yopangidwa ndi anchito ake mothandizana ndi akatswiri a pa Copperbelt University. Tsopano osintha pulogalamuyo ali pakhomo.

Anzathu a ku Malawi anaona zowawa za nkhani yotere. Mu 2019 Boma lao linapangana ndi kampani ya Techno Brain za njira yosindikizira mapasipoti, ndipo mu 2021 linathetsa cipanganoco. Kuciyambi kwa 2024 kusindikiza kunaima kwa milungu ingapo, ndipo Mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analowerera makinawo. Amene anasauka ndi anthu wamba ofuna kupita ku malonda, ku sukulu ndi ku cipatala kunja kwa dziko.

Kodi tsono tileke kulemba akatswiri akunja? Iai. Cofunika ndi cipangano cokomera mbali zonse ziwiri.

Mwini nchito ayenera kulemba momveka bwino cimene afuna nchito isanayambe, cifukwa wosinthasintha maganizo pakati pa nchito amacedwetsa womanga ndi kukweza mtengo. Ayeneranso kusankha munthu mmodzi wokhala ndi mphamvu zoyankha mafunso a kampani msanga, ndi kulipira pa nthawi yake cigawo ciliconse cikatha ndi kuyesedwa. Kampani imene sinalandire ndalama zake singasunge akatswiri ake pa nchito yanu.

Kumbali yake, kampani iyenera kuonetsa nchito pang'onopang'ono, osati kubisala miyezi yambiri ndi kutulukira pa tsiku lomaliza. Ikaona bvuto inene msanga. Iyeneranso kuphunzitsa anchito a mwini pamene nchito ili mkati, osadikira tsiku lotsazikana.

Cacikulu koposa zonse ndi ici: cipangano cinene poyera mwini wa malemba amene pulogalamu yapangidwa nawo, amene akatswiri amawacha source code, ndiponso mwini wa maina ndi ziwerengero zosungidwamo. Cinenenso mmene zonsezi zidzaperekedwera ngati mbali ziwirizi zalekana. Malemba amenewa ndiwo kiyi ya nyumba.

Conco a khonsolo, a masukulu ndi eni mafakitale a muno m'Kafue amene aganiza zolembetsa mapulogalamu akumbukire mbali inanso ya nzeru za makolo, yakuti mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mlandireni bwino, mlipireni mokwanira, koma asanapite akusiyireni kiyi ndi nzeru yotsegulira.