Mpira ndi malonda: zomwe manambala akutiphunzitsa ku Mponela

Abale ndi alongo athu a ku Salima ndi Nkhotakota, mapiri a Dowa ndi Ntchisi timawadziwa ngati kochokera fodya, soya, mtedza ndi mbatatesi. Koma masiku ano kumeneko kulinso malonda a mpira. Pa Mponela, m'mbali mwa msewu wa M1, pali bwalo la Champion lomwe lakhala likuchititsa masewero a ligi yaikulu, ndipo Kamuzu Barracks ya ku Lilongwe, akatswiri a ligi a 2016, yakhala ikulandirira alendo ake pamenepo. Ana athu ambiri mtima wawo uli pa mpira, choncho nkoyenera kuti makolofe tidziwe momwe ndalama zimayendera m'masewerowa.

Tiyambire pachipata. Ndalama zomwe anthu amalipira polowa sizipita zonse ku timu. Amayamba achotsapo zolipira apolisi ndi oyang'anira pachipata, kenako zotsalazo amagawana matimu awiri aja, mwini bwalo ndi mabungwe oyendetsa mpira monga Sulom ndi FAM. Mtengo wa tikiti nawo uli ngati mtengo wa chambo padoko: ukakweza kwambiri ogula amathawa, ukatsitsa kwambiri wagwira ntchito yaulere. Anthu 2,000 olipira K2,000 amabweretsa K4 miliyoni, pomwe anthu 1,000 olipira K3,000 amabweretsa K3 miliyoni yokha. Mlimi wa ku Ntchisi amakhala ndi ndalama akagulitsa mbewu, osati mu Januwale, ndiye timu yosunga kaundula wa anthu olowa pa masewero aliwonse imadziwa nthawi yokweza ndi yotsitsa mtengo.

Ndalama zapachipata pazokha sizingasunge timu, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zomwe zidakweza mtengo wa mafuta, nsapato ndi mayunifolomu. N'chifukwa chake matimu amphamvu ali ndi mwini wa thumba lalikulu: Silver Strikers ili m'manja mwa Reserve Bank of Malawi, Big Bullets idatengedwa ndi Nyasa Manufacturing Company, ndipo Kamuzu Barracks ndi Mafco ndi za asilikali. Simon Kuper ndi Stefan Szymanski, m'buku lawo Soccernomics la 2009, adasonyeza kuti ku England, ukaona zaka zambiri pamodzi, timu yolipira bwino osewera ndi yomwe imathera pamwamba. Kwathu kunonso zimaoneka: Bullets idatenga ligi kasanu motsatizana mpaka 2023, kenako Silver idatenga mu 2024.

Nanga timu yosauka ipulumukira pati? Pa kuwerenga zomwe anzake sawerenga. Akatswiri adasanthula mashoti zikwizikwi napeza kuti penate imalowa pafupifupi katatu mwa kanayi, pomwe mwa mashoti 100 omenyedwa kunja kwa bokosi olowa nthawi zambiri safika asanu. Choncho wosewera woyenera kumufuna ndi yemwe amapezekapezeka pamalo abwino ogoletsera, ngakhale asanatchuke. Brentford ya ku London idagula Ollie Watkins ku Exeter City mu 2017 pamtengo wosafika mapaundi 2 miliyoni, n'kumugulitsa ku Aston Villa mu 2020 pa mapaundi 28 miliyoni. Mphunzitsi wa timu ya pa Malomo kapena Madisi safunika kompyuta kuti ayambe. Kope ndi cholembera nzokwanira: ndani wamenya, wamenyera pati, adampatsira ndani, wasewera mphindi zingati.

Pali lamulo lina la FIFA lomwe limakhudza mabanja athu mwachindunji. Wosewera akagulitsidwa kuchoka ku timu ya dziko lina kupita ku ya dziko linanso, 5 peresenti ya mtengo wake imagawidwa kwa matimu omwe adamulera kuyambira zaka 12 kufika 23. Chaka chilichonse cha pakati pa 16 ndi 23 chimabweretsa theka la peresenti imodzi. Mnyamata atagulitsidwa pa K200 miliyoni, timu yomwe idamusunga zaka zinayi za msinkhu umenewu iyenera kulandira K4 miliyoni. Koma ndalamayi imatsata kaundula. Ngati timu siidalembetse ku FAM, kapena mwana adasewera ndi dzina la mkulu wake ndi zaka zabodza, palibe cholandira. Tisanalole mwana kulowa timu, tifunse ngati ndi yolembetsa, tionetsetse kuti dzina ndi tsiku lobadwa ndi zoona, ndipo tisasaine pepala lomwe sitidawerengeredwe. Izi zikukhudzanso atsikana, poti Tabitha Chawinga adapita ku Lyon mu 2024 ndipo mng'ono wake Temwa adagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America chaka chomwecho.

Manambala omwewa ndi amene makampani a beti amagwiritsa ntchito, ndipo amawadziwa kuposa mnyamata wogwira foni pa sitolo. Tiyerekeze kuti pali zotsatira ziwiri zofanana mwayi, ndipo kampani ikulonjeza K1,900 kwa woika K1,000. Anthu 100 akaika mbali iyi, ena 100 mbali inayo, kampani yatolera K200,000, ilipira K190,000, ndipo K10,000 yatsala nayo posatengera yemwe wapambana. Qur'an yolemekezeka idaletsa kale njuga mu Surah Al-Maidah, ndime 90, ndipo masamu akungoonetsa komwe ndalama ya ufa ndi fizi imathera.

Mwana wokonda mpira ndi masamu tisamuletse, koma timulozere koyenera. Matimu akufunika alembi osunga kaundula, owerengera ndalama zapachipata mokhulupirika ndi osanthula masewero. Imeneyo ndi ntchito ya halaal, ndipo iyambire pa timu ya m'mudzi mwathu Loweruka likudzali.